Kaulusi ka Achimwene

Pafakitale ya nsapato achimwene anga ankadziwika kuti a Kaulusi. Ntchito yawo inali yoona ngati mpweya ukuyenda bwino m'zipinda, komanso ngati mafani sakudya magetsi mopitirira. Makina oyezera anali nawo, koma ankakhulupirira kaulusi kamene anamangirira kuwaya. Akakakweza pabowo la mpweya kudenga n'kuyamba kuvina, ankamwetulira. Kakangoti zii, basi tsiku lawonongeka.

Chipinda chowasowetsa mtendere chinali chapansi, chomatira nsapato, mmene munkagwira ntchito akazi awo. Fungo la guluu mmenemo, mayo ine! Ukangolowa, misozi mbwee. Amayi a mmenemo ankati chowatsokomoletsa ndi mphepo yozizira yochokera kudenga, ndiye ankatseka mabowo onse ndi makatoni. Wotsogolera zimenezi? Alamu anga omwewo.

"Mayi a mwana, mphepoyi ndi imene imakuchotserani poizoni," achimwene ankatero akuchotsa makatoniwo.

"Bambo a mwana, chifuwachi n'changa kapena n'chanu? Kavinitseni ulusi wanu uko!"

Chipinda chonse kuseka. Iwo akangotembenuka, makatoni abwerera.

Ine ndinkapsa mtima. "Achimwene, kaneneni kwa abwana!" Koma akananena bwanji? Wotseka bowo ankachotsedwa ntchito, ndipo woyamba kupita akanakhala mkazi wawo. Choncho oyendera akamabwera, iwo ankalawirira kukachotsa makatoni. Oyenderawo anapeza mpweya uli bwinobwino, mpaka kulangiza abwana kuti mafani apansiwo awachepetse mphamvu, ati akungotha magetsi. Achimwene anachepetsa ndi manja awo.

Chaka chatha alamu anakomoka ali pantchito. Adokotala anati mapapo anatha kalekale, tizikangowasamalira kunyumba.

Achimwene ntchito anasiya. Amakhala pampando pafupi ndi bedi, mawindo onse atatsegula. Alamu akapeza timphamvu amanong'ona kuti, "Tsekani, mundipha ndi mphepo." Iwo amadzuka n'kukatseka. Zimandiwawa koopsa, ndipo woti ndimukalipire sindikumuona.

Dzulo ndinawapeza atawerama, waya uja ali m'manja, kaulusi kali pamphuno pa alamu amene anali atatseka maso. Sanacheuke n'komwe.

"Chemwali, maso angawa atopa," anatero. "Tabwera undionere. Kakugwedera?"

Ndinagwada n'kuyang'anitsitsa. Kankagwedera ndithu, koma dzanja lawo linkanjenjemera kwambiri moti sindinadziwe ngati kankagwedera ndi mpweya wa alamu kapena ndi dzanjalo.