Dzanja la Mayi Tomie

Mayi Tomie Kuwabara anasunga kiyi wa tchalitchi chathu zaka makumi anayi. Amuna awo anamwalira kalekale, mwana ali kutali, mumzinda wa Sendai, ndipo foni saimba n'komwe. Lamlungu lililonse ankafika oyamba, n'kuyatsa mbaula ya palafini, n'kundandalika masilipasi pakhomo kuti anthu akavula nsapato avale. Kale ankandandalika mapeya makumi asanu. Chaka chathachi tinatsala nkhalamba zokhazokha, mbusa tilibe.

Mpingo wathu ulibe wamkulu wakutali woulamula. Nkhani iliyonse timagamula tokha pamsonkhano, aliyense dzanja limodzi, koma tikapanda kukwana asanu ndi awiri msonkhano palibe. Otha kuyenda tinalipo asanu ndi awiri ndendende.

Asanu ndi mmodzi tinkafuna kutseka tchalitchi kuti tizikapemphera m'tauni. Mayi Tomie okha ankakana. Ine, mlembi wa mpingo, anandimvetsa chisoni, ndiye ndinawanong'oneza: "Mayi, tsikulo mungokhala kunyumba, nkhaniyi ifera m'mazira."

"Iwe Shigeru, imvi zisakunamize," anandiyankha. "Malamulo amenewo ndinakuphunzitsa ndine, ukadali ndi mamina."

Tsiku la msonkhano chipale chofewa chinagwa cholekeza m'mawondo. Titafika tinapeza njira yokolopoledwa ndi fosholo, mbaula ikuyaka, mapeya asanu ndi limodzi ali pakhomo. Peya inayo inali kumapazi kwawo.

"Aa, mayi! Mwabwereranji?" ndinafunsa.

"Kiyi ali ndi ine. Ndikanawasiya anzathu a Hoshino aime panja ndi chifuwa chawocho? Nanga kunyumbako ndikanacheza ndi yani, khoma?"

"Ndiye tulukani msanga ndisanawerenge."

"Werenga bwino. Usanamize Mulungu."

Ndinawerenga: asanu ndi awiri. Ndisaname, mtima unandipweteka. Ofuna kutseka tinakweza manja, langa likulemera ngati mwala. Nditaitana otsutsa, linakwera dzanja limodzi lokha, lowonda, ndipo Mayi Tomie sanalitsitse mpaka ataona kuti ndalemba m'buku.

Titapemphera, anavula masilipasi awo, n'kuwapukuta ndi mpango, n'kuwaika pashelefu. Kenako anandifumbatitsa kiyi uja, akadali wofunda.

"Uzimitse mbaula," anatero akuvala nsapato. "Chiyambireni sindinatulukepo woyamba muno. Ndiyese lero."