Batire Padenga la Kiliniki

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene ndinachoka kwathu ku Katete kudzakhala ndi azakhali ku Kanyama. Iwo ndi amene anandipezera ntchito yosesa ndi kutsuka timabotolo m'chipinda choyezera magazi pa kiliniki ina yaing'ono. Wondiyang'anira anali mayi wachibemba amene aliyense ankawatcha ba Chanda. Ndinkawaopa moti chilichonse chimene anena ndinkangoti "inde", ngakhale ndisanamve bwino. Kwathu anatiphunzitsa kuti mwana waulemu sachulutsa mafunso.

M'chipindamo munali kamakina koyezera ngati amayi oyembekezera ali ndi magazi okwanira. Popeza magetsi ankazimazima, kankadalira batire yake, ndipo batireyo inali itatopa. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, ba Chanda ananyamuka m'mawa kukatenga yatsopano m'tauni.

"Mwaiche, chosa yakale uisunge bwino. Nizabwela manje manje," anatero, kutanthauza kuti abwera posachedwa. "Mwaiche" ndi mmene ankandiitanira m'chibemba, ndiye kuti mwana.

Ndinamasula timasikuluu tinayi n'kutiika m'chivindikiro cha botolo kuti tisatayike. Batireyo sinali ngati ya tochi. Inali kaphukusi kokutidwa ndi pulasitiki yabuluu, kokhala ndi timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda. Ndinajambula papepala mmene timawayato tinalowera.

Kenako ndinakumbukira atate. Mabatire a wailesi akatopa, iwo ankawayanika padzuwa pamwala, madzulo wailesi n'kuyankhulanso. Ndinaganiza kuti ba Chanda akapeza yakale yadzuka, aona kuti mwana wakumudziyu ali nazo nzeru. Ndinazungulira kuseri, kukwera pa diramu, n'kuiika pamalata.

Ba Chanda anachedwa. Amayi oyembekezera anadzaza benchi, akudzikupiza ndi makadi awo. Dzuwa litafika paliwombo ndinakwera kukaiona. Inali itatupa ngati chitumbuwa, pulasitiki itang'ambika m'mbali, ikutulutsa kafungo kamankhwala. Nditaikhudza inandiwotcha chala. Ndinaisiya pomwepo n'kutsika. Ndinasesanso chipinda chosesa kale, kwinaku ndikuluka bodza, kwinaku ndikuona nkhope ya azakhali akamva kuti andichotsa ntchito.

Atafika, thukuta lili kamukamu, ba Chanda anaika chikwama patebulo.

"Yakale ili kuti?"

Bodza lonse linandithawa. "Ili padenga, amayi. Ndimafuna idzuke."

Sanakalipe. Anatenga chidebe cha mchenga chimene chinkakhala pakhomo, nakwera okha pa diramu, nakankhira batireyo mumchengamo ndi mtengo wa tsache. Atatsika anandigwira dzanja n'kundisuzumiritsa pawindo la chipinda chimene chinali pansi pa malatawo. Munagona amayi awiri ndi makanda awo obadwa kumene.

"Iyi si ya wailesi. Ikapya maningi imagwila mulilo," anatero motsitsa mawu. "Unafuna kutandiza, naona. Koma unafunsa ndani?"

Ndinazyolika, ndikudikira kuti andiuze kuti ndizipita. M'malo mwake anatulutsa batire yatsopano n'kundiikira m'manja kuti ndiilowetse ndekha.

"Faka iwe. Pamene suziba, funsa."

Ndinatambasula kapepala kanga kaja. Ndinafunsa ngati kofiira kayambe kulowa, ndinafunsa ngati ndakanikiza mokwanira, ndinafunsanso ngati sindinapane waya ndi chivindikiro. Mafunso atatu pa tsiku limodzi, ine amene ndinatha mwezi wathunthu osafunsa kanthu. Nditadina batani panapita kanthawi kamene ndinakaona kutalika, kenako kamakina kanalira n'kuyaka. Mayi woyamba pabenchi analowa natambasula chala.

Lero ntchito yanga ndi yokonza makina oterewa. Ndinadzazindikira kuti kukhala chete kumene ndinkakutcha ulemu kunali mantha chabe, ndipo manthawo akanatha kuyatsa denga pamwamba pa makanda awiri. N'chifukwa chake wophunzira watsopano akandiyankha "inde" mofulumira kwambiri, ndimaika chida pansi n'kumuuza kuti abwereze zimene wamva.