Mtengatenga wadothi

Chiperoni chaphimba phiri la Chambe sabata yonse, ndipo achemwali anga sanasekepo chichokereni alamu, amene anatengedwa kukasenza katundu kunkhondo ya Ajeremani. Pofuna kuwasangalatsa, ndinaumba asilikali adothi. Tinawapaka katondo ndi mwaye, n'kumawagwetsa ndi timiyala. Iwo anaumba munthu mmodzi yekha, wosenza mtolo.

"Awa ndi alamu ako. Usawagende."

Sindinawagende. Koma dzulo, poona kuti dothi silikuuma, ndinawasendeza pamoto. Anang'aluka, mutu n'kugwera m'phulusa.

Ndinaopa kuti achemwali ayesa malodza. Iwo ali kumadzi, ndinaumba alamu ena mofulumira. Anatuluka ndi mimba ngati mtsuko.

Atabwera, achemwali anawayang'anitsitsa. "Iwe, bwanji anenepa chonchi?"

"Kaya. Mwina kumeneko akudya bwino," ndinayankha ine, amene kusukulu amanditama poloweza malamulo khumi.

Anaseka mpaka misozi, n'kukawaimika kumutu kwa mphasa yawo. Mutu weniweniwo ndaumangirira kunsonga ya nsalu yanga. Kuutaya ndikuopa, kuukwirira ndiye ndikuopa koposa.