Ndodo Imene Ndinakana Kutaya

Atandichita opaleshoni ya bondo, apongozi anga anachoka ku Petauke kudzandidwazika ku Bwacha. Ululu unalipodi, wotulutsa misozi. Koma unatha, ndipo adokotala anati nditaye ndodo. Ine kunyumba sindinanene. Ndodoyo inkandipulumutsa kugwada powapatsa apongoziwo moni kapena madzi. Akangotulukira, ndinkatsimphina ngati bondo lathyokanso.

Tsiku lina atapita kumsika, ndinasiya ndodo pakhonde n'kuyamba kukolopa, nditagwada bwinobwino, nyimbo ili pakamwa. Pocheuka, ndinawaona ataima pakhomo, tomato ali m'manja. Ndinadikira kuti akalipe, kapena anene kuti akauza mwana wawo akaweruka kuntchito.

Iwo anaika tomato pansi, natola ndodo ija. Kenako anagwada pamaso panga pang'onopang'ono, mawondo awo okalamba akulira, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Tengani, amake Tisa," anatero. "Muzagwa."

Apa m'pamene ndikanapepesa. Koma ine ndinalandira ndodoyo, n'kutsimphina mpaka kuchipinda, mayi aja akadali chigwadire.