Nsapato Zanga pa Mpanda wa Agogo

Fungo la mphira wopserera likandipeza, ngakhale ndili pakati pa tauni ya Kitwe, ndimaona Agogo aamuna atakhala pa chigubu pansi pa mtengo wa mapeyala ku Garneton, mpeni uli psuu pa mbaula, akudula lamba wakale wamphira wonyamulira miyala kumgodi, utsi wakuda ukukwawira m'nyumba mpaka kulowerera m'zovala zathu. Anali bambo a mayi anga, Mchewa wa ku Katete amene anakalambira pansi pa nthaka ku Nkana. Atapuma pantchito anayamba ina imene palibe anawalemba, yopezera chinthu chilichonse mwini wake watsopano.

Kwathu kunalibe dzala. Mapaketi a mkaka ankatsukidwa n'kufeseramo tomato. Matireyi a mazira ankapita kwa mayi wina woweta nkhuku kuseri kwathu. Ambulera ikathyoka, nsalu yake inkasanduka chikwama cha mabuku, mawaya ake n'kukhala singano zosokera matumba. Magalasi a maso a nkhalamba zimene zatisiya ankawapempha kwa anamfedwa n'kupita nawo kutchalitchi, kumene nkhalamba zamoyo zinkayesa limodzilimodzi zikuwerenga Masalimo mpaka lina ligwirizane ndi maso. Zonsezo n'zabwino, sindikukana. Koma yesani kukhala m'nyumba imene kapu ukaisiya pakhonde kanthawi kochepa umakamwera nayo madzi kwa aneba.

Chimene chinkatitopetsa kwenikweni chinali mpanda. Agogo anaika lamulo lakuti chilichonse chopachikidwa pa waya wa kumsewu ndi cha aliyense wodutsa, osaodira, osathokoza. "Wosauka asamachite kugwada," ankatero. "Atenge chabe monga athyola mango." Aneba athu a Chibemba ankautcha shopu ya ba Shikulu, kutanthauza Agogo. Mayi anatayirapo sefa ndi mpango wa kutchalitchi. Amalume atabwera kudzacheza anayanikapo buluku osadziwa, ndipo anabwerera ku Ndola atavala la Agogo lolekeza m'misongolo.

Chaka chimene ndinali m'giredi seveni, mayi anandigulira nsapato zakuda, zoyamba m'moyo wanga zimene sanayambe wapondamo munthu wina. Aphunzitsi aakulu anali atalengeza kuti sabata ya mayeso wopanda nsapato zakuda athera pageti. Lachisanu lomaliza mayeso asanayambe ndinafika kunyumba dzuwa likuswa mtengo, mapazi atatupa, ndipo ndinazivula pakhonde ndikudandaula monga achitira mwana aliyense: "Mayo ine, nsapato izi zinithina!" Sindinaone kuti pansi pa mapeyala pali makutu.

Loweruka ndikuchokera kotunga madzi ndinapeza pakhonde pali mbee.

"Agogo, nsapato zanga zili kuti?"

"Si unakamba wekha kuti zikuthina? Zapeza phazi lake."

Ndinalira mpaka mawu anasasa. Mayi anatuluka m'nyumba chitenje chili m'manja. "Atate, mwana alemba mayeso pa Mande! Simungafunseko? Kodi pakamwa panu m'pa kuimbira nyimbo chabe?"

"Chimene wapatsa sulondola," anayankha Agogo osadzutsa n'komwe mutu. "Ukalondola lero, mailo ndani azatenga pa mpanda paja?"

Kenako anandiitana, napondetsa phazi langa pa katoni n'kulizunguliza ndi khala. Pofika madzulo anali atadula lamba wa kumgodi uja, kutsogolo atakuta ndi nsalu ya ambulera, zonse atazipaka polishi. Zinali zolemera ngati njerwa, ndipo poyenda zinkalira kuti phwa, phwa. Anaziyang'ana monyadira. "Aphunzitsi anakamba zakuda. Izi ni zofiira?"

Lamulungu masana nsapato zanga ndinaziona kumpopi. Anazivala Chanda, mnzanga wa m'kalasi, amene mwezi wonse ankabwera ndi mapatapata ndipo ankadziwa kuti geti limudikira. Ndinazizindikira ndi mfundo imene ndinamanga pa chingwe cha kumanzere. Ine sindine munthu womeza mawu. "Iwe Chanda, izo ni zanga."

Anayang'ana kumapazi, kenako kwa ine. "Nshaishibe, mwandi," anatero m'Chibemba, kuti sankadziwa. Anasenza chigubu chisanadzaze n'kumapita.

Lolemba m'mawa ndikumanga zinjerwa zanga zija, ndinamva kuodira. Anali Chanda, atavala yunifomu, kumapazi kulibe kanthu.

"Nazibweza," anatero chapansipansi.

"Zili kuti?"

"Pa mpanda. Ninabwera kuseni-seni kukali mdima, ninamvela nsoni kugogoda."

Tonse tinathamangira kumsewu. Waya unali wokhawokha, kambalame katatera pamwamba. Anthu opita kuntchito ndi kumsika anali atadutsa kale, ndipo wina mwa iwo anachita zimene Garneton yense ankadziwa kuti amachita pa mpanda umenewo.

Mayi anagwira m'mutu n'kukhala pansi pafumbi. Agogo anaseka mpaka chifuwa chawo cha kumgodi chinawagwira. "Ndiye kuti kunali wachitatu amene analibe," anatero akupukuta misozi. Ndikanakhala ndi mphamvu tsiku limenelo ndikanawapachika iwo pa waya pomwepo. Koma anali ataika kale mpeni pa makala, akuitana Chanda kuti aponde pa katoni.

Tinafika belu likulira, awiri, phwa, phwa, phwa, tikununkha utsi. Aphunzitsi aakulu anatiimitsa pageti, nayang'ana kumapazi kwathu nthawi yaitali.

"Ni nsapato izi?"

"Ni zakuda, sa," anatero Chanda.

Aphunzitsiwo anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka, n'kutikodola kuti tilowe. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinalemba mayeso matuza akuphulika ku zidendene, ndipo dzina lakuti Mashifiti Bosi, la akapitawo a kumgodi, linatitsatira ine ndi Chanda mpaka kusekondale. Ndinakhoza, inde, koma wina asandiuze kuti zinatha bwino. Agogo anamwalira osapepesa, ndipo nkhaniyi ankaikamba kwa alendo ngati chinthu chonyaditsa.

Lero ndimakhala ku Riverside, ndili ndi mwana wanga wamkazi. Ndinalumbira kuti m'nyumba mwanga kanthu sikadzatuluka mwini wake asanavomere ndi pakamwa pake. Mwezi watha nsapato zake za kusukulu zinamuchepa, ndinamugulira zina, ndipo ndinamufunsa bwinobwino ngati zakalezo tingapatse wina.

"Iyayi, mami. Ni zanga."

Zili kunsi kwa bedi lake, zabwinobwino, sazivala. M'mawa uliwonse ndimasesa mozilambalala, ndipo nthawi yomweyo pageti pathu pamadutsa kamtsikana ka yunifomu kakuponda matope ndi mapatapata, phazi lake ndaliyeza kale ndi maso. Sindizikhudza, ndinalonjeza. Koma manja akundiyabwa, ndipo chimenechi ndicho sindidzawakhululukira Agogo.