Thobwa langa linathera pakhomo pa Tiyamike

Lamlungu lapitali ndinabwezedwa pakhomo pa munthu, chigubu cha thobwa chili m'manja. Ine, mayi wamkulu, nditatchena chitenje chatsopano!

Nkhani yake ndi iyi. Mnzathu Tiyamike, yemwe ankagwira ntchito m'ndege, ali ndi matenda otchedwa MS. Chitetezo cha m'thupi mwake chinapenga, n'kuyamba kuwononga mitsempha yake yomwe. M'chaka chimodzi, mtsikana wonyang'wa uja anayamba kukoka mwendo. Mankhwala atakanika, madokotala anatapa maselo ake opanga magazi n'kuwasunga, anapha chitetezo chopengacho ndi mankhwala aukali ngati a khansa, kenako anamubwezera maselo aja kuti chimere china chatsopano. Akuti njirayi ndi yoopsa ndipo si ya aliyense.

Ife amayi a kutchalitchi pa zonsezi tinamvapo chimodzi chokha: watuluka m'chipatala.

Wapampando wathu, mayi Banda, amalera ana a eni ku Mirdif, kuno ku Dubai, ndipo amapuma tsiku limodzi pa mlungu. Analipereka lonse. "Yalla, tiyeni azimayi, tikamuzonde!" Tinadzaza lifiti ya nyumba imene Tiyamike amakhala ku Al Nahda anthu asanu ndi anayi, ndi nthochi, maluwa ndi nyimbo zathu.

A Mwale, amuna ake a Tiyamike, anatsegula chitseko pang'ono chabe, atavala masiki.

"Pepani amayi, simulowa. Chitetezo chake chikadali chakhanda. Chimfine chokha chikhoza kumupha."

"Tingomusanjika manja, khalas, basi," anatero mayi Banda. "Mlendo ndi mame."

"Manjawo ndi amene ndikuwaopa. Maluwa ayi. Thobwanso ayi."

Thobwa langa! La chimera chochokera ku Dedza, chobwera m'sutikesi! Ndinapsa mtima, sindinama.

Komatu tiyeni tinene chilungamo, abale anga. Tikamapita kukazonda, timapitira ndani? Wodwalayo, kapena kuopa kuti adzati uje sanabwere? Timakhala pabedi pake penipeni, kumukakamiza phala, n'kumusimbira za msuweni wathu yemwe anayamba chonchi, pano kulibe. Wodwala amatopa ndi kuyankha kuti akupezako bwino kuposa mmene amatopera ndi matenda. Mwambo ndi wabwino, makamaka kuno komwe m'bale wako ndi yemwe wamupeza kutchalitchi. Koma mwambowo unabadwa kusanabwere mankhwala omusiya munthu wopanda chitetezo n'komwe.

Tsono pali china chimene sindinakuuzeni. Kuyambira Lachinayi ndinali ndi kachifuwa. Ndinadziuza kuti ndi mphepo yozizira ya mu ofesi, ndipo m'lifiti muja ndinkamung'unya maswiti kuti kasamveke.

Nditangotsegula pakamwa kuti ndiwaphunzitse a Mwale ulemu, kachifuwa kaja kanandiyalutsa. Khoso! Khoso! Azimayi onse anandicheukira. Chitseko chinatsekeka pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu. Akanakhala munthu wamanyazi ngati ine, bambo aja akanandilowetsa.

Foni ya mayi Banda inalira. Anali Tiyamike pa vidiyo, mutu wopanda tsitsi, akuseka mofooka.

"Anti, tsikani pansi pamalo oimika magalimoto. Mukaimbire pomwepo, ndikuonani pawindo."

Tinakaimba padzuwa la Dubai, thukuta lili kamukamu, ine atandiimika kutali ngati mbuzi ya mphere. Pamwamba penipeni, kadzanja kake kanatibayibitsa kuseri kwa galasi. Thobwa ndinabwerera nalo, palibe analifunanso.

Inu mukamakazonda wodwala, nthochi timaziona. Nanga china chimene mwabisa ndi maswiti?