Mafuta a Bulugamu mu Mgolo wa Kachasu

Ndikaona pafoni anthu akutsatsa timabotolo ta mafuta a bulugamu, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la ku Tsvingwe, komboni ya kumgodi kumene ndinakulira. Nthawi imeneyo dziko linali litangolandira ufulu, tauni yapafupi itangosintha dzina kukhala Mutare, amayi akulakwitsabe dzinalo tsiku ndi tsiku.

Ababa anali atasiya ntchito yapansi mu mgodi. Fumbi linawatseka chifuwa. Mapiritsi akukiliniki ankamwa ndithu, koma tulo ayi, ankangokhala tsonga pampando, kupuma ngati akukwera phiri. Kale amayi ankawafukiza masamba a bulugamu m'bulangete, chifuwa n'kutseguka pang'ono, koma tsopano kutentha kuja kunkawakomola. Ine ndinkangofuna ababa agone basi.

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ankagwira ntchito m'labu ina m'tauni, yoyeza mafuta ndi mankhwala. Ndi iwo anandiuza kuti fungo la tsamba lija ndi mafuta, ndipo nthunzi imatha kuwanyamula. Atatchula mphika, paipi ndi madzi ozizira, ndinachita kudumpha. Zimenezotu ndi zida za amayi zotchezera kachasu!

Amayi anayamba akana, ati mgolo wawo ununkha mankhwala, makasitomala athawa. Kenako ndinangoona akuutsuka okha. Ndinathyola masamba m'mbali mwa msewu wa ku Penhalonga, tinadzaza mgolo, kumata chivundikiro ndi dothi, kusonkha moto. Madzi atayamba kudonthera m'beseni, aneba athu achishona anasuzumira pampanda, kufunsa ngati tayamba kutcheza tototo, kachasu m'chinenero chawo, wa anthu achimfine.

Pamwamba pa madziwo pankayandama timadontho tachikasu. Amayi, amene kachasu wawo ankatchuka komboni yonse chifukwa choyera mbee, ankayengula timadonthoto ndi supuni n'kupukutira pa duku lawo lakale. Ati amuna awo sangawapatse zalitsiro.

M'mawa mwake ndinakwera basi kupita kulabu kuja, botolo la madziwo nditalikumbatira ngati khanda. Alamu anathira pang'ono m'kagalasi kowonda kamizeremizere, tinadikira. Anati mafuta akakhalamo amakwera pamwamba n'kupanga mzere wawowawo. Sipanaoneke kanthu. Anatenga mafuta enieni pashelefu, kudontheza papepala, pambali pake n'kudontheza anga, ati ndinunkhize. Awo ankaboola mphuno mpaka kumutu. Anga ankangomvekera patali.

"Mlamu, awatu ndi madzi. Zoyandama zija zili kuti?"

Ndinawauza. Anaseka mpaka kuvula magalasi, koma ataona nkhope yanga analeka. Anandifotokozera kuti mgolo wonse wa masamba umatulutsa timafuta tochepa zedi, ndipo chimene chimatsegula chifuwa chimakhala m'menemo. Anandichenjezanso kuti si akumwa, ndi ongonunkhiza.

M'basi ndinalira njira yonse, uku ndikukonza mawu okawakalipira amayi. Ndinafika dzuwa likuswa mtengo, n'kuwapeza ali pakhomo, chala pakamwa. Anandikoka dzanja kuti ndisuzumire m'nyumba.

Ababa anali mtulo pampando paja, mutu utapendekeka, kukamwa kuli yasa. Duku lija anali atalifumbata pansi pa chibwano. Amayi anandinong'oneza kuti analisiya pawindo kuti alichape, ababa n'kulitola okha, ati likuwatsegula m'mphuno.

"Usawadzutse. Alamu ako ati bwanji?"

"Ati mankhwala onse ali m'duku lanulo, amayi."

Anandiyang'ana, anayang'ana duku, n'kugwira pakamwa ndi manja onse kuti kuseka kusatuluke. Mawu anga onse aja anathera pomwepo. Tinakhala pansi pakhonde, kumvetsera ababa akuliza mkonono.

Chifuwa chawo sichinapole, mgodi unali utachidya kale. Koma kuyambira pamenepo tinkatcheza masamba pafupipafupi, amayi n'kumayengula ndi supuni yomweyo, tsopano kuthira m'kabotolo. Duku lija ababa anakaniza kulichapa. Tinkangodonthezapo mafuta atsopano, iwo n'kuliika pansi pa chibwano n'kugona.